Alamu Anga Omata Mabuku ndi Mlandu wa Tirigu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anali omata mabuku. Kachipinda kawo kantchito kanali kuseri kwa sitolo ya nsalu, kopanikiza, ka zenera limodzi lochirikiza ndi kamtengo. Munali tebulo lokandikakandika, masingano aakulu, ulusi wopaka phula, ndi njerwa ziwiri zokulunga m'nsanza zopsinjira mabuku. Anthu ankabwera ndi mabuku anyimbo othothoka masamba, n'kudzawatenga atavala chikuto chatsopano.

Anali munthu wathupi, koma atapitirira zaka makumi asanu anayamba kufota. Mimba inkangoti tuu, kuchimbudzi kunasanduka kwawo, ndipo m'zigongono munabuka totupa toyabwa. Lamba anamuboola kawiri. Atawayeza kambirimbiri, adokotala anati matumbo awo amadana ndi tirigu. Buledi, mabanzi, mabisiketi, chilichonse cha ufa wa tirigu, ngakhale kanyenyeswa, asadzalawenso.

Achemwali anachilimika. Sefa yakale anapatsa anansi, nagula ina. Buledi analetsedwa pakhomopo, moti ife alendo tinkamwera tiyi mbatata. Kenaka awiriwo anakacheza kwa mwana wawo mwezi wathunthu, ndipo alamu anabwerako masaya atadzaza. Koma atangobwerera kuntchito, sabata isanathe, mimba ija inayambiranso.

"Mng'ono wanga," anandinong'oneza achemwali, "bambo awa akudya kwina."

Tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi kachipinda kaja, kunali mayi wogulitsa tiyi ndi mabanzi, wamasiye, wa phwete lomveka patali. Achemwali anayamba kupisa m'matumba a jekete kusaka nyenyeswa, kununkhiza malaya asanawachape. Tsiku lina anapeza ufa wonga wa tirigu popinda mkono wa malaya. Anaukutumulira m'mbale n'kukaikira alamu patsogolo, ine ndili pomwepo.

"Bambo, tandiyang'anani. Mabanzi a kutsidya akukoma?"

"Mayi, ine buledi ndinatsanzikana naye ngati mmene ndinatsanzikirana ndi mano am'mbuyowa."

"Nanga ufa uwu? M'nyumba mwanga mulibe."

"N'za kuntchito zimenezo."

"Eya, kuntchito. Masiku ano mabuku akukanda ufa eti?"

Alamu anali munthu woti akapwetekedwa mtima amatseka pakamwa, ndipo kukhala chete kwawoko kunangowonjezera mlandu. Achemwali analonga zovala m'chikwama n'kuchiika kuseri kwa chitseko. Anati sangakhalire kuphikira munthu amene akudzipha yekha uku akuwanamiza. Banja la zaka makumi atatu linali litafika pakhomo potulukira.

Ndinawapempha kuti tiyambe taona ndi maso. Lolemba m'mawa tinalowa m'sitolo ya nsalu ija ngati ogula, n'kuima pafupi ndi khomo lakuseri, pomwe zenera la alamu linkaonekera. Mwini sitolo anatitambasulira nsalu mpaka manja anamulema.

"Amayi, mukugula kapena mwabwera kudzausa?"

"Tikusankha," anayankha achemwali, maso ali kunja.

Mayi wa tiyi sanawoloke msewu, ngakhale kuyang'anako. Chomwe tinaona ndi alamu akuyatsa kasitovu, n'kutereka kapoto kakuda kopindika chogwirira. Anathiramo madzi ndi ufa wa m'kachitini, n'kumatakasa ndi kamtengo. Zitayamba kulimba anaviikamo chala, kupemerera, n'kuika pa lilime. Anatafuna pang'ono akuyang'ana kudenga, anawonjezera madzi, analawanso. Atayamba kumata, guluu akasefukira m'mbali mwa chikuto ankamupukuta ndi chala chachikulu, chala chomwecho n'kunyambita kuti alekanitse masamba.

Achemwali analowa osaodira.

"Mukudya chiyani?"

"Kudya? Ndikuyesa guluu ngati wapsa. Amene anandiphunzitsa ntchito ankayesa chonchi."

"Mwaphika ndi ufa wanji?"

Alamu anayang'ana kachitini kaja, anayang'ana chala chawo. Unali ufa wa tirigu. Chiyambire unyamata wawo, za m'kapotomo sanaziyesepo chakudya. Adokotala atatchula buledi, iwo anamva buledi basi.

"Koma mayi," anatero motsitsa mawu, "sindimeza wambiri."

Achemwali anakhala pansi pa mulu wa mabuku a eni ake. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo ndikhulupirira iwonso sanadziwe.

Kuyambira sabata imeneyo guluu ankaphikidwa kunyumba, wa ufa wa chinangwa, wophika ali achemwali. Alamu ankang'ung'udza kuti sagwira ngati wakale, koma ankamunyamula m'botolo Lolemba lililonse. Totupa tinazimirira, lamba anabwerera pa bowo lake loyamba, ndipo anakhala nafe zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi. Buku langa lanyimbo analimata ndi guluu wachinangwayo, ndipo mpaka lero silinataye tsamba.

Madzulo a Lolemba lija ndinawathandiza achemwali kubweza zovala m'kabati. M'mawa mwake achemwaliwo anawoloka msewu uja, anagula kapu ya tiyi wopanda banzi, n'kumupatsa moni mayi uja mwaulemu woposa muyeso. Mayiyo anadabwa, ndipo sanadziwe konse kuti anali ndi mlandu. Koma kununkhiza malaya asanachape, achemwali sanasiye.