Suti ya ku Goliati ndi wotchi yowerenga mapazi

Chaka chimene ndinayamba ukalaliki pa esiteti ya tiyi, mimba inayamba kutsogola. Mu ofesi munali tiyi wamkaka kawiri pa tsiku, ndipo aliyense wondipatsa mandasi ndinkamulandira ndi manja awiri, poti kwathu ku Kapichi kukana chakudya n'chipongwe. Vuto linali suti. Msuweni wanga anandisankha kukhala besitimani pa ukwati wake, ndipo telala wa ku Goliati anali atandiyeza kale ndili woonda ngati bango. Kunatsala miyezi iwiri.

Amene anandimvera chisoni ndi wachiwiri kwa manejala, bambo a ku Mzuzu othamanga m'mawa uliwonse popanda wowathamangitsa. Anandibwereka wotchi yawo yakale yowerenga mapazi, n'kundiikira pafoni pulogalamu yolembamo zakudya.

"Ukadya, uzilemba," anatero. "Ukayenda, wotchi iziuza foni, foni izikuwonjezera makalori, muyeso wa chakudya chimene ungadye pa tsiku. Iwe uzingoyang'ana nambala yotsalayi."

Ndinati, "Chabwino bwana." Sindinamvetse, koma kufunsa bwana kawiri ndinkaopa.

Foniyo sinkadziwa kalongonda, ndiye ndinkamulemba ngati nyemba za m'chitini. Makaka ndinkawalemba ngati mbatatesi. Thobwa ndinalifufuza mpaka kutopa, kenako ndinalilemba ngati madzi.

Amayi ali ndi kamunda ka tiyi kuseri kwa nyumba, ndipo Loweruka lililonse ndinkawathandiza kuthyola. Wothyola tiyi sayenda kwenikweni. Amaima pamzere, manja okha ndiwo amathamanga, kuchoka pamtengo kupita m'dengu kumsana. Wotchi inali padzanja. Ndikangoponya masamba m'dengu, iyo inkati ndaponda phazi. Pofika masana inali itanjenjemera katatu kundiyamikira ngati ndapita ku Changata wapansi n'kubwerako, chonsecho denga la amayi ndikuliona. Masiku a ntchito nawo, njinga ya kabaza ikamadumpha m'maenje a msewu wa esiteti, wotchi inkati ndikuthamanga.

Foni inkakhulupirira zonsezi n'kumawonjezera makalori. Ine nambala yotsalayo ndinkaiona ngati chakudya chotsala m'mbale. Kwathu wosiya chakudya m'mbale amafunsidwa ngati wadwala kapena wakwiya. Choncho ndinkalimbikira kuti nambalayo ithe dzuwa lisanalowe. Ikakana kutha ndinkatsikira pachiwaya kukagula tchipisi, ndikudya mokhulupirika, nthawi zina ndilibe n'njala yomwe.

"Kawotchiko kati chiyani lero?" amayi ankafunsa.

"Kati ndiwonjezere, amayi."

"Ndiye kali ndi nzeru kuposa a kuchipatala," ankatero akundiwonjezera makaka.

Kutatsala sabata imodzi ndinapita kukayesa suti. Telalayo, bambo achisilamu a ndevu zoyera, anandipatsa buluku n'kutseka kansalu. Buluku linafika m'chiuno movutikira, zipi n'kukana pakatikati.

"Achimwene," anatero atasuzumira, "ine ndinayeza munthu mmodzi. Mwabwera awiri bwanji?"

Ndinafotokoza zonse maso ali pansi, mpaka kuwaonetsa foni kuti aone kuti sindinaphonye tsiku. Anandivula wotchi, n'kuivala, n'kuyamba kukutumula nsalu zimene zinali pathebulo. Patapita kanthawi anayang'ana padzanja.

"Taonani, ndayenda kale ndili pampando. Ndikamamaliza diresi ili ndikhala nditafika ku Limbe. Itanitsani tchipisi, tithandizane."

Amayi awiri amene ankadikira madiresi awo anaseka mpaka wina kugwetsa chikwama. Ine ndinasekako pang'ono kuti asakhumudwe.

Kenako anatembenuza buluku n'kundionetsa msoko wakumbuyo. Munali nsalu yopindira mkati, yokwana zala zitatu.

"Mnyamata akandiuza kuti wayamba ntchito ya mu ofesi, ndimasiyiratu malo. Buluku tipulumutsa. Koma jekete, limenelo n'la Mulungu."

Pa ukwati ndinaima tsiku lonse jekete lili lotsegula. Msuweni wanga atandiona anamasulanso mabatani ake kuti tifanane, ndipo pazithunzi timaoneka ngati tinachita kupangana. Azakhali ena a kuchikazi anafunsa mokweza ngati mkwati ndi wonenepayo, ndipo atauzidwa kuti ayi anaoneka okhumudwa.

Lolemba ndinabweza wotchi, nditaipukuta bwinobwino.

"Yakuthandiza?" anafunsa bwana aja, maso ali pamimba panga.

"Kwambiri, bwana," ndinatero.