Giya Inakakamira pa P Mdipiti Uli Pafupi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa amalume, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya nsalu ku Old Town. Mwini sitoloyo, Mayi Saidi, anali atangoferedwa amuna awo, ndipo galimoto ya malemuyo inkangokhala ku Area 9 popanda woyendetsa. Ine ndinali ndi chiphaso choyendetsera galimoto, komanso ndinkadikira kuitanidwa ku yunivesite.

Galimotoyo inali yosintha yokha magiya, chinthu chosowa masiku amenewo. Inalibe kilatchi. Mayi Saidi sankayendetsa, koma malangizo a amuna awo ankawasunga bwino. "Phazi lamanzere mulisiye kunyumba," anandiuza mayiwo tsiku loyamba. Potsika mtunda ndinkaika giya pa L kuti injini ithandize mabuleki asatenthe. Poimika pamtunda dongosolo linali ili: kuponda buleki, kukoka handibuleki, kulola galimoto kuti itsamire pa handibulekiyo, kenako n'kuika pa P. Chifukwa chake n'chakuti P ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamakola mano m'giyabokosi. Kakasenza kulemera kwa galimoto yonse, sikatulukanso mosavuta.

Tsiku lina tikukwera mtunda kuchokera pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, wapolisi anatiimika. Mdipiti wa mtsogoleri wa dziko unali m'njira, ndipo mwambo unali wakuti aliyense atsike, aime m'mbali mwa msewu n'kuwomba m'manja. Wapolisiyo anamenya pachitseko kuti tifulumire. Ndinakankhira giya pa P, ndinachotsa phazi, galimoto inabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuima. Handibuleki ndinaikoka pambuyo pake.

Titangotsika, wapolisiyo anabweranso. "Matayala akumbuyo ali pa tala. Ichotse."

Ndinalowanso m'galimoto, ndinaliza injini, ndinaponda buleki, ndinakoka giya. Sinasunthe. Ndinakokanso mwamphamvu, koma osatheka. Kutali kunkamveka kale kulira kwa njinga zamoto zotsogolera mdipitiwo. Tonse tinkadziwa kuti wotsekereza msewu umenewo sankafunsidwa mafunso pamsewu pomwepo, ankangotengedwa ndi apolisi, ndipo ena otengedwa motero ankachedwa kubwerera kwawo. Ndinaganiza za kalata ya ku yunivesite imene ikanafika ine kulibe.

"Iwe, ukuchita dala?" anafunsa wapolisiyo, mawu ake ali pansi.

Mayi Saidi anamanga chitenje m'chiuno. "Achimwene, mwanayu mukamutenga galimoto ikhalabe pomwepa. Gwirani apa tikankhire kumtunda." Wapolisiyo anayang'ana kumlatho, kenako anaika chipewa chake padenga la galimoto n'kutsamira buti limodzi ndi mayiwo. Ndinamasula handibuleki ndi buleki. Galimoto inasendera kutsogolo pang'ono chabe, kulemera kunachoka pa kachitsulo kaja, ndinapondanso buleki, ndipo giya inatsetsereka kufika pa D, poyendetsera kutsogolo. Ndinaikwezera m'udzu. Pamene njinga yoyamba inkadutsa, tonse atatu tinali titaima pamzere tikuwomba m'manja, wapolisiyo akupumira m'mwamba.

Pobwerera ku Area 9 mayiwo sanandikalipire. Anangoti, "Munthu akakufulumizitsani, manja anu asafulumire nawo."

Papita zaka zambiri, ndipo ndakhala ndikusaina zikalata anthu ataima pambali panga akundifulumizitsa. Nthawi zonse ndimayamba ndafunsa kuti kulemera kwa nkhaniyo kutsamira pa chiyani ndikachotsa phazi. Ngakhale pamalo athyathyathya, handibuleki ndimaikoka ndisanaike giya pa P.