Ziro ya Ababa

Dzulo wogulitsa samusa anandikulungira m'nyuzipepala, patsamba la timabokosi todzazamo mawu. Ndinakumbuka Ababa pakhonde la shopu yawo yosoka ku Mangochi. Tsiku lililonse akalimbana ndi mafunso okuluwikawo, ankapatsa malikisi amene wawapeka. Akalemba ziro ankati, "Uyu sadziwa ntchito, ngofunika chikwapu!"

Ine ndinkaganiza kuti nyuzipepalayo imabwerera ku Blantyre, munthuyo n'kukakwapulidwa ngati ife kusukulu. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti ndimupulumutsa. Ababa akapita kumzikiti kokaswali, ndinkaika wani kutsogolo kwa ziro kuti ikhale teni.

Tsiku lina anandipezerera, pensulo ili m'manja.

"Amina, mwamuna ameneyu ukumudziwa?"

Ndinangolira. Ndazindikira nditakula kuti ziroyo ankapatsa aliyense amene wawagonjetsa.