Chitseko cha Bambo Anga ndi Buku Lopanda Mathero

Buku lija ndinalipulumutsa kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa Mtakataka, amene ankang'amba masamba ake n'kumakulungira ogula. Mwamwayi ankayambira kumbuyo, choncho chiyambi chinalipo koma mathero anali atapita kale ndi zitumbuwa. Chikuto panalibenso. Mpaka lero dzina la bukulo ndi la mlembi wake sindikuwadziwa.

Linali la Chingerezi, nkhani ya mtsikana wamasiye wa ku Ulaya amene anakakhala kwa azakhali ake m'chinyumba chamiyala, kudziko la nkhungu ndi mphepo. Azakhaliwo ankayenda ndi makiyi m'chiuno. Panali chipinda chimodzi chokhoma, momwe munali katundu wa mayi ake a mtsikanayo, koma azakhali ankalumbira kuti mulibe kanthu. Mlembiyo ankadziwa kuopseza munthu: thabwa likangolira pansi, tsitsi limandiimirira ngakhale ndinkawerenga masana pakhonde, nkhuku zikupalasa pambali panga.

Koma mantha sanakhalitse. Chinanditsalira ndi mkwiyo. Mtsikanayu ankangofika pachitseko, n'kugwira chogwirira, n'kulira, kenako n'kukapepesa kwa azakhali omwewo. Ndinkamukalipira mokweza ngati ndi mwana wanga, kuti kodi kwanuko kulibe nkhwangwa?

Chifukwa chake chinalipo. Miyezi imeneyo n'kuti ndangotaya mwamuna wanga. Ndinakwatiwa chitengwa ku Golomoti, ndiko kuti ndine ndinatsatira mwamuna kwawo, ndipo maliro atangotha mlamu wanga, mlongo wamkulu wa malemu, anakhoma nyumba yathu ndi loko n'kumanga kiyi pansonga ya chitenje. Anati ndikadikire kwathu kufikira tsiku londisudzula. M'nyumbamo munali makina anga osokera, omwe ankadyetsa ana anga ndi kuwaveka yunifolomu. Nditawaitanitsa, anandiyankha maso ali gwa.

“Makina ati, alamu? Mlongo wanga anagulitsa akudwala. Mulibe kanthu m'menemu.”

Mawu omwewo a azakhali a m'buku aja. Ndinamuda mlamu wangayu, sindibisa, ndipo aliyense wa makiyi m'bukumo ankavala nkhope yake. Nditafika pomwe masamba anathera, mtsikana uja anali ataimanso pachitseko, kandulo ili m'manja. Ndinatseka buku mtima ukuwira. Ndinati kaya iwe unatani, ine mathero anga ndikalemba ndekha.

Tsiku la chisudzulo tinapita ndi amalume, omwe anali ankhoswe anga, ndi azichimwene anga awiri pa ngolo ya ng'ombe. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa bwemba kutsogolo kwa nyumba yokhomayo. Ankhoswe a kuchimuna anayankhula monga mwa mwambo: kuti ndamasulidwa, palibe mangawa, ndipo nditenge chilichonse chomwe ndinabwera nacho pamudzipo. Mlamu anali atatulutsa kale mapoto anga ndi mphasa n'kuziunjika pabwalo, loko n'kubwezera pomwepo.

“Zanu ndi izi,” anatero. “Yendani bwino.”

Ndinagwada, ndinaomba m'manja mwaulemu wonse.

“Zikomo, ankhoswe. Chatsala chimodzi. Chitseko icho anapala ndi bambo anga, pamodzi ndi felemu lake. Chinabwera nane pa ngolo tsiku lomwe munanditenga.”

Panalibe wotsutsa. Bambo anga anali mmisiri wosema wa ku Mua, ndipo chitseko cha mlombwa chija, chokhala ndi mbalame ziwiri pamwamba, mudzi wonse unkabwera kudzachisirira. Ankhoswe a kuchimuna anakanda m'mutu.

“N'zoona. Mayi, perekani kiyi.”

Mlamu anati kiyi yasowa. Amalume anangoseka pang'ono.

“Musavutike, kiyi sitikuifuna.”

Njerwa zinali zomangira dothi. Azichimwene anagumula m'mbali mwa felemu ndi kakhasu, n'kuzula chitseko chonse chili chokhomabe, loko ali lende. Nyumba inatsala kukamwa yasaa, ndipo aliyense amene anali pansi pa bwemba anaona mkati. Makina anga anali pomwe ndinawasiya, pafupi ndi zenera. Pansi pa singano panali nsalu yatsopano yosokedwa theka, yofanana ndi duku yomwe mlamu anavala tsikulo.

Amayi ena anagwira pakamwa. Ndinalowa, ndinadula ulusi, ndinapinda nsalu ija bwinobwino n'kukaipereka m'manja mwake nditagwada, anthu onse akuona. Kukoma kwa mphindi imeneyo ndimakumvabe mpaka lero.

Mwana wanga wamkazi, amene tsopano ali kusekondale, anandiuza kuti akhoza kufufuza mathero a bukulo pafoni. Ndinamuletsa. Ndikuopa kuti mwina mtsikana uja anakhululuka, ndipo ndingalitaye m'chimbudzi buku lomwe ndimalikonda.

Makina akulira tsiku ndi tsiku pakhonde langa pa Mtakataka. Chitseko ndinachitsamiritsa kukhoma kumbuyo kwanga, ndipo obweretsa nsalu amandifunsa chifukwa chake sindiphwanya loko kuti chigwire ntchito. Ndimawauza kuti mwini kiyi alipo, ali ku Golomoti. Tsiku lomwe adzafune kupepesa, njira akuidziwa, adzabwere adzatsekule yekha.