Mayi osaweta tambala

Kuseri kwa nyumba yathu kwa Tengani kumakhala mayi ena amene anathawa nkhondo ku Mozambiki. Ndi ansangala, Chisena chawo n'chothamanga, ndipo nkhuku zawo n'zonenepa kuposa za mudzi wonse. Koma zonsezo n'zathadzi. Kamwanapiye kakangoonetsa lipombo, mawa lake kali pamsika. Ukawafunsa chifukwa, amangoseka n'kunena kuti, "Nkhuku yabwino ndi yosunga pakamwa."

Ine chidwi chinandipweteka. Tsiku lina ndinawapatsa tambala wanga wofiira, n'kuti, "Mayi, mbewu yabwino iyi." Analandira ndi manja awiri. Masana anandiitana, ndipo ndinapeza tambala uja ali m'mbale.

"Mayi, inetu ndimati muziweta!"

"Khala pansi, mwananga," anatero. "Kwathu boma linalamula kuti tonse tisamukire m'midzi yake, tizilima munda umodzi. Zigawenga zinkawotcha midziyo. Ukatsala kwanu, boma linkati ukudyetsa zigawenga. Ndiye tinakabisala m'bango. Agalu tinapha, ana tinawaphunzitsa kulira chamumtima, atambala tinadya. Koma amuna anga anasunga mmodzi m'dengu. Anati mbewu yabwino, nkhondo idzatha. Tambalayo analira m'mawa umodzi wokha, anthu amfuti n'kutipeza."

Ndinawafunsa kuti, "Nanga amene anabwerawo anali a mbali iti?"

"Sindinawafunse. Mfuti zawo zimafanana. Amuna anga ndi amene anawaona pafupi."

Anandikankhira mbale ija.

"Idya, mwananga. Uyu sadzaitana munthu."