Othirira atatu a nyemba zanga

Ba anti Esinati atatumiza mawu akuti akufuna wowalerera mwana ku Kalingalinga, ku Lusaka, pa holide ya Ogasiti, ndinavomera tsiku lomwelo. Nsapato zanga za kusukulu zinali zitayasama, ndipo iwo analonjeza zatsopano. Chimene chinandivuta ndi nyemba zanga za kabulangeti, mizere isanu kuseri kwa nyumba yathu ku Chinyunyu. Atate anali atanena kuti zikabereka adzandidulira chigawo changachanga m'munda waukulu.

Ine kupempha chinthu pagulu sinditha, mawu amandithawa. Choncho ndinadikira mpaka tili awiri kukhola, n'kupempha atate kuti azithirira. Kenako ndinaopa kuti adzaiwala, ndinakanong'oneza mulamu wanga, ba Grace. M'mawa wonyamuka mtima unali usanakhale pansi, ndinauzanso amake Luka a nyumba yoyandikana nafe. Aliyense ndinamuuza kuti, "Ndadalira inu." Sindinaname, koma sindinanene kuti ali atatu. Ndinaiwalanso kuti kwathu wothirira dimba la mnzake amathyolako masamba a ndiwo osapempha.

Ndikatsegula buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku, masamba a ku Lusaka amandimvetsa chisoni pang'ono. Pena ndinalemba kuti, "Lero ndakamba ndi anthu awiri, mwana ndi wogulitsa malasha." Payadi pomwe ankakhala ba anti panali zitseko zisanu ndi zitatu, koma palibe anafunsa dzina langa loti Naomi. Ndinali "kamtsikana ka ba Esinati" basi. Kumsika ndinaona khwanya, masamba a nyemba omwewa, akugulitsa timitolo tochepa ngati ta mankhwala. Ndinaima n'kumangoyang'ana mpaka mayi wogulitsayo anandifunsa ngati ndasochera.

Lamlungu lililonse ba anti ankandibwereka foni. Atate ankati, "Nthaka yako ndi yabwino, mwana. Ndikafika ndi ndowa ndipeza ikali yonyowa." Ba Grace ankati, "Mulamu, khwanya wako ndi wofewa, achimwene ako anenepa!" Amake Luka okha ndiwo anali ndi nkhawa. "Pali mbuzi ikudya masamba. Sindinaigwire, koma ndiigwira." Ine ndinkangoti zikomo, koma ndinali nditayamba kuzindikira.

Nditabwerera ndinapita kudimba ndisanatule chikwama. Nsapato zatsopano zinatitimira m'matope, mwezi wa Seputembala! Nyemba zinali zitaima zachikasu, zopanda tsamba, ngati miyendo ya nkhuku. Ndili chiimire, atate anatulukira ndi ndowa. Uku ba Grace ndi chigubu. Uko amake Luka ndi ndowa ndiponso ndodo yomenyera mbuzi.

Anayang'anana. Amake Luka anatsitsa ndodo pang'onopang'ono. "Atate ake Naomi, kansi mbuzi ija ndinu?"

"Ine ndinali kuthyola tiwiri titatu chabe," anatero atate.

"Tiwiri titatu? Nanga mbale ija ya Lachisanu?" anafunsa ba Grace, n'kudzigwira pakamwa, poti nawonso m'thumba la chitenje munali masamba omaliza.

Atate anakanda m'mutu. "Kaya, mwana. Tinapangana kuti zikabereka. Izi sizinabereke."

Munda wanga unali kupita ndikuona. Ndinakamba onse atatu akumva. "Atate, ndinalakwa kupempha mobisa. Koma nyembazi zadyetsa nyumba ziwiri mwezi wathunthu. Ngati uku si kubereka, bwezani masamba anga."

Amake Luka anaponya ndodo, n'kuwomba m'manja. "Mayo! Kansi amakamba uyu? Lusaka yatibwezera loya!"

Ku Lusaka ndinkaganiza kuti nyemba zidzauma chifukwa anthu adzaiwala pempho la mwana wosamveka ngati ine. Koma palibe anaphonya ngakhale tsiku limodzi, ndipo n'chimene chinazipha.

Atate anandiyezera chigawo chija Loweruka, kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa msuku. Atamaliza anafunsa mwaulemu ngati angamathirireko nthawi zina. Ndinati ayi.