Mtondo wopita ku Kitwe pa positi

Mawu anga ndi aakulu, ndipo sindipepesa. Kwathu ku Magodi, zaka zija kwacha inkagwa ngati mango akupsa, panalibe okushoni ya masika ya kutchalitchi yochitika popanda ine. Anthu ankabweretsa chimanga, mtedza, nkhuku, maungu, kuthokoza Mulungu. Tikapemphera tinkatulutsa zonse pabwalo n'kugulitsa mopikisana, ndalama zipite ku malata a tchalitchi. Woitanira malonda ndinali ine. Ndinkaima pabenchi, khasu lakutha dzanja ili, bawuti dzanja ili, ndipo ndikalimenya ndiye kuti malonda atha, kaya wina alire. Khasu limenelo linkagona kunyumba kwanga, osati kwa abusa.

Chaka china mmisiri wina anapereka mtondo wa muwanga. Mtondo wake, abale! Wosalala, wa m'chiuno mwabwino, wolemera ngati thole. Koma dzuwa linali litakwera, anthu atatopa, mtengo ukungokwawa. Zinandinyansa. Ndinakweza mawu mpaka agalu a kutsidya anayankha: wogula asavutike, mtondo uwu ndikaufikitsa ndekha pakhomo pake, ulere! M'mutu mwanga ndinkaona njinga yanga, ndinkati kutalikitsa ndi ku Chikomeni.

Manja anadzuka ngati mapesi. Amayi analimbana, aphunzitsi analowerera, kenaka kumbuyo kwenikweni wina anatchula mtengo umene unatseka pakamwa pa aliyense. Ndinamenya khasu ndisanaone nkhope. Anthu atapatuka ndinaona mano okhaokha. Anali Mubemba wogwira ntchito ku migodi, amene anakwatira mwana wa m'mudzi mwathu, ndipo anali atabwera patchuthi kudzaona apongozi. Ife ndi Abemba ndi chimbuya: timanyozana popanda wokwiya. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Analipira, akulu a mpingo n'kulandira, iye n'kubwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri mwaulemu wabodza.

"Yewo chomene, adada," anathokoza m'chilankhulo cha kwathu. "Khomo langa lili ku Kitwe."

Ndinamuuza kuti aukweze pabasi monga amachitira anthu onse. Anati pabasi ali kale ndi mkazi, ana ndi matumba, ndipo mtengo wokwerawo anautchula chifukwa cha lonjezo langa, osati chifukwa cha thabwa. Anati ndiutumize pa positi, sakufuna kundivutitsa kupalasa njinga mpaka ku migodi ndi miyendo yanga ya mbewa. Ndinati wogula ndiye amalipira ulendo wa katundu wake, dziko lonse limadziwa. Anafunsa anthu ngati anamva mawu oti ulere. Anthu ake ati? Ngakhale ogontha anavomera.

Akulu a mpingo anandiitanira kuseri. Ndalama za mtondo, anati, zalowa kale m'thumba la malata ndipo sizituluka. Za positi mpingo ulibe. Mlendo akabwerera kwawo akudandaula, khasu adzapatsa mphunzitsi wina wa mawu ngati udzudzu. Khasu langa! Ndinawauza kuti asatope, mtondo upita. Makalata ndinali nditatumizapo, munthu wina akundilembera. Kalata imadya sitampa imodzi. Ndinaganiza kuti mtondo ungadye masitampa odzaza dzanja, basi. Ndinagulitsa tambala n'kuika ndalamazo m'thumba la jekete.

Chimene sindinachiganizire ndi amayi a m'mudzi. Kwathu chiwiya sichichoka pamudzi chili chopanda kanthu, ndipo munthu wopita ku migodi amanyamulira aliyense, osalipiritsa. Mbiri itamveka kuti mtondo ukupita ku Kitwe, aliyense anakumbukira kuti ali ndi mwana kumeneko. Uyu kamtolo ka nyemba, uyu mbatata, uyu ufa wa mawere. Mkazi wanga anaika pansi penipeni mtedza wosenda wa mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa komweko. Mtondo unadzaza mpaka kusongoka, anaumanga chiguduli kukamwa.

Tinaukweza pa lole ya thonje yopita ku Boma, ine, mbuya wanga Mubemba uja, ndi amayi angapo amene anati akukagula mchere koma maso ali pa mitolo yawo. Ku positi tinaunyamula awiri, iye akubuula mwadala kuti anthu amuone. Mtsikana wa pakauntala anatiuza kuti tiuike pasikelo. Muvi wa sikelo unathamanga ngati waona njoka. Mtsikanayo anayang'ana m'buku lake n'kutchula mtengo. Unaposa mtengo wa mtondo womwe. Tambala wanga sanafike ngakhale m'miyendo mwake.

Ndinamufunsa ngati anauyeza limodzi ndi ine. Anati ayi, agogo, positi imaona kulemera.

Apa ndiye mkangano unapsa. Ndinati tigawane pakati, mbuya wanga anakana. Ndinati alipire za thabwa, ine za zam'kati, anati thabwalo ndi limene ndinalonjeza. Ndinati chabwino, ine za thabwa, iye za zam'kati popeza ndi za azilamu ake, anati iye sanagule mbatata ya munthu. Mzere wonse wa anthu odzatenga penshoni unagawikana, ena kwa ine, ena kwa iye. Mkulu wina wosatidziwa n'komwe anavula chipewa n'kuyamba kuweruza.

"Mwamuna wamkulu, ndalama za migodi zili m'thumba, ukulimbana ndi nkhalamba ya tambala mmodzi," ndinatero.

"Nkhalamba ya tambala mmodzi ikamalankhula imamveka ngati ya ng'ombe khumi," anatero iye. "Lipirani ndi mawuwo."

Anthu anaseka mpaka mtsikana uja anagwira kauntala. Ine sindinaseke. Ndinali nditayang'ana mzere uja, ndipo ndinaona kuti theka la anthuwo linali ndi makalata opita ku migodi.

Ndinaukokera mtondo pakhonde, ndinamasula chiguduli, ndinakhuthula zonse pansi. Amayi anakuwa. Ndinakwera pa sitepe. Khasu ndinali nditalisiya kunyumba, choncho ndinabwereka pampu ya njinga n'kumamenya chitsulo cha khonde. Ndinalengeza kuti pali mtondo ukupita ku Kitwe lero lomwe, m'mimba mwake muli malo, ndipo malowo ndikugulitsa. Amene ali ndi mwana ku migodi atchule mtengo.

Amayi a kwathu anati chimenecho ndi chamanyazi, chiyambire palibe anagulapo malo otumizira mwana chakudya. Koma a pa Boma analibe nazo kanthu. Mayi wina anathamangira kumsika n'kubwera ndi bowa wouma. Bambo wina anatulutsa fodya wopota. Amayi a kwathu ataona bowa wa mlendo akulowa m'malo mwa nyemba zawo, manyazi anathera pomwepo, anayamba kumasula mfundo za zitenje. Mtengo unakwera ngati utsi. Ndinkaitanira, ndinkavina, pampu inkalira, asilikali a pamsika anabwera kudzaona ngati kwagwa ndewu n'kutsalira kuonerera.

Tinabwerera kusikelo ndili wonyada. Mtengo unali utakweranso, poti nyemba ndi mbatata zinali zitabwereramo. Tinatuluka. Pamenepo ndinaika lamulo: zolemera ayi. Bowa inde, mfutso inde, fodya inde, mbatata ikadyedwe kwawo. Mayi wa mbatata anafuna kundimenya nayo. Agogo ena anabwera ndi mpani wa mbewa zouma, zopepuka ngati udzu, ndipo ndinazilandira ndi manja awiri n'kuziika pamwamba penipeni kuti mbuya wanga akadzatsegula ayambe kupatsana nazo moni. Anati mtondo wa mkazi wake udzanunkha chaka chathunthu. Ndinamuuza kuti akaike mchira wa nyani, fungo lidzatha.

Tinalowa ndi kutuluka mpaka mtsikana uja analeka kuyang'ana m'buku. Pomaliza ndalama za malo ndi za tambala zinakwana ndendende, kupatula thumba lokulungira ndi chingwe. Ndinamuyang'ana mbuya wanga. Anandiyang'ana. Mzere wonse unamuyang'ana. Anapita yekha kusitolo kukagula, akung'ung'udza m'Chibemba, ndipo anasoka yekha, mwaluso ndithu, ndimupatse zake. Masitampa anamata mpaka thumba linaoneka ngati lavala chitenje.

Mtedza wa mkazi wanga sunapite. Unali wolemera, ndipo lamulo ndinali nditaika ndekha pamaso pa anthu. Ndinabwerera nawo pa lole, uli pamiyendo, amayi onse atandifulatira.

Lamulungu lake akulu a mpingo anakhala pansi. Amayi anadandaula kuti ndagulitsa chinthu chimene makolo ankapereka ulere. Abusa anafunsa ngati mtondo unapita. Unapita. Ngati mlendo anadandaula. Sanadandaule, anachita kusiya moni. Ngati mpingo unatayapo kanthu. Sunataye. Abusa anaseka mobisa, kenaka anati khasu likhale komwe limagona, koma kuyambira tsopano mkazi wanga aziima pambali pa benchi, ndipo lonjezo lililonse lizidzera kwa iye ndisanalikuwe.

Mkazi wanga anavomera msanga kuposa mmene anavomerera tsiku la ukwati. Ntchitoyo anaigwira mwakhama zaka zonse zotsatira. Ankaima chete, manja kumbuyo, ndipo ndikangokoka mpweya wambiri ankanditsina kumbuyo kwa bondo. Anthu ankati ndimavina bwino pabenchi.